Bromocriptine, cabergoline kapena kudikira kaye: njira zimene zilipo prolactin ikatsekereza dzira

Mankhwala amene lero adokotala amalembera mayi yemwe wasiya kusamba chifukwa cha prolactin, homoni imene imapangitsa mkaka, anayamba kutchuka pa ntchito yosemphana ndi imeneyi. M'malabu a ku Israel ndi ku Switzerland ankawabaya makoswe aakazi ongokweredwa kumene, ndipo bere silinkakhazikika. Mankhwala amodzi omwewo, kwa khoswe kulepheretsa bere, kwa mayi kutsegula njira yoti dzira lituluke. Ndikufuna tiyambire pamenepa chifukwa amene wamvetsa kusiyana kumeneku savutika kusankha pakati pa njira zimene ndiziyerekeze. Sangatengekenso ndi mauthenga amene amayi akutumizirana pa WhatsApp muno mu Lilongwe, oti bromocriptine kapena cabergoline ndi mapiritsi a mphatso amene aliyense wosowa mwana angamwe. Amathandiza kwambiri, koma amathandiza gulu limodzi la anthu, ndipo gululo limadziwika poyeza magazi.

Gwero la mankhwalawa ndi chuku chotchedwa ergot, chimene asayansi amachitcha Claviceps. Chimalowa pa duwa la mbewu za mtundu wa udzu, ndipo pamene panayenera kukhala njere pamatuluka kanthu kakuda, kolimba, kotalikirapo kuposa njere zinzake. Ku Ulaya chimagwira kwambiri mbewu ya rye. Kwa zaka mazanamazana anthu odya buledi wa ufa woipitsidwa ndi chukuchi ankauma zala ndi mapazi mpaka kuduka, ena ankaphupha ngati akhunyu, amayi apakati ankapita padera. Azamba a kumeneko anaona kuti pang'ono chabe pa chukuchi pamalimbitsa chiberekero. Mu 1935 m'chukumo munapezeka ergometrine, jakisoni amene anamwino a ku matenite amamudziwa bwino pa nkhani yoletsa kutaya magazi mayi akachira, ngakhale woyamba kubaya masiku ano ndi oxytocin.

Chukuchi chili ndi abale ake kuno ku Africa. Claviceps africana amagwira mapira, ndipo mlimi amamuzindikira ndi madzi otsekemera, omata, amene amadontha m'ngala. Claviceps fusiformis amagwira mchewere. Cha m'ma 1950 ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, nkhumba zodyetsedwa mchewere wogwidwa ndi chukuchi zinkaswa bwinobwino koma mkaka osatuluka, ana n'kumafa ndi njala. Lero tikudziwa kuti chukucho chinkatsitsa prolactin, homoni imene imapangitsa mkaka.

Zimene zinaoneka pa makoswe

Khoswe wamkazi sasamba. Thupi lake limazungulira pa masiku 4 kapena 5 okha, n'chifukwa chake ofufuza za uchembere amamukonda: zimene kwa munthu ungadikire mwezi, kwa khoswe umaziona sabata isanathe. M'mawa uliwonse wogwira ntchito mu labu amathira kadontho ka madzi a mchere kumaliseche kwa khoswe, n'kukakokanso, n'kukaika pa kagalasi pansi pa maikulosikopu. Akaona maselo ozungulira, okhala ndi kadontho pakati, ounjikana m'timagulu, amadziwa kuti masana a tsiku lomwelo LH, homoni imene imachititsa dzira kutuluka, ikwera mwamphamvu, ndipo usiku wake, kusanache, mazira 10 kapena kuposerapo atuluka. Mawa lake maselo amakhala ophwatalala, opanda kadontho kaja. Masiku otsatirawo pa kagalasipo pamadzaza maselo oyera a m'magazi. Akafuna kutsimikiza ngati mankhwala ena atsekereza mazira, amatsegula kachubu ka mazira n'kuwawerenga limodzilimodzi.

Pamalo pamene dzira latuluka pamatsala kathupi kachikasu kotchedwa corpus luteum. Ntchito yake ndi kupanga progesterone, homoni imene imakonza chiberekero kuti chilandire mluza. Kwa khoswe, kathupi kameneka kamafota msanga pokhapokha atakweredwa. Akakweredwa, kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary kamayamba kutulutsa prolactin kawiri patsiku, usiku ndi madzulo, kwa masiku pafupifupi 10, ndipo prolactin imeneyi ndi imene imasunga kathupi kachikasuko kuti kasasiye kupanga progesterone.

Mu 1954 Moses Shelesnyak wa ku Weizmann Institute, mumzinda wa Rehovot, anapeza kuti akabaya khoswe jakisoni mmodzi wa ergotoxine, mankhwala ochokera ku chuku chija, m'masiku oyambirirawo, chiberekero chimalephera kukonzeka. Akamuonjezera progesterone, zinthu zinkabwerera m'chimake. Akamuonjezera prolactin, chimodzimodzi. Apa anazindikira kuti mankhwalawo akutseka prolactin kumtunda kuja. Ofufuza ena anadzaonanso kuti bere likadutsa sabata yoyamba, mankhwala a mtunduwu monga ergocornine salichotsanso, chifukwa chiberekero, kenako nsengwa, zimakhala zayamba kupanga mahomoni akeake ofanana ndi prolactin.

Nanga mazira? Ergocornine ndi ergocryptine akaperekedwa ochulukirapo pa tsiku limene LH iyenera kukwera, amatha kuitsekereza, mazira osatuluka. Koma kutsitsa prolactin kokha sikuletsa khoswe kutulutsa mazira. Chimene chimachitika n'chakuti timatupi tachikasu takale, timene prolactin yokwera limodzi ndi LH imatifafaniza, timangounjikana, mabasiketi a mazira n'kumalemera. Edward Flückiger wa kampani ya Sandoz ku Basel ankafuna mankhwala otsitsa prolactin yokha, osafinya mitsempha ya magazi, osalimbitsa chiberekero, osasokoneza LH. Anzake anaonjezera atomu imodzi ya bromine pa ergocryptine, ndipo mu 1968 kunalengezedwa zimene mankhwala atsopanowo, otchedwa CB-154, anachita pa bere ndi mkaka wa makoswe. Ameneyu ndiye bromocriptine. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankakayikabe ngati munthu ali ndi prolactin yakeyake, yosiyana ndi homoni yokulitsa thupi. Zinatsimikizika cha mu 1970 ndi 1971, pamene gulu la Henry Friesen ku Montreal linaipatula n'kupeza njira yoiyezera m'magazi.

Kwa mayi, kathupi kachikasu kaja sikadalira prolactin. Kamasungidwa ndi LH, ndipo akatenga pathupi kamasungidwa ndi hCG, homoni ija timaiyeza mu mkodzo. Choncho kutsitsa prolactin sikuchotsa mimba ya munthu, ndipo asapezeke wina akuyesa zimenezo ndi mapiritsiwa. Vuto la prolactin kwa mayi limabwera ikachuluka. Imafooketsa uthenga wa GnRH umene ubongo umatumiza ku pituitary, LH ndi FSH, homoni yokhwimitsa dzira, zimatsika, dzira silikhwima, msambo umabwera patalipatali kapena kusiyiratu, ndipo nthawi zina mawere amatuluka mkaka mwana palibe. Tonse tinaziona kale zimenezi. Mayi woyamwitsa mwakathithi, mwana asanakwane miyezi 6, msambo usanabwerere, amakhala wotetezeka ku mimba pafupifupi 98 pa 100. Ndi njira ya kulera imene amaphunzitsa ku sikelo. Matenda tikukambawa ndi zomwezo, kungoti zikuchitika popanda mwana kubere. Chimene chimagwira prolactin kuti isakwere ndi dopamine, kemikolo imene ubongo umapanga. Dopamine ndiye mabuleki a prolactin, ndipo mankhwala a ergot awa amaponda mabuleki omwewo.

Kufufuza chimene chaikweza

Njira imene ndimaiika patsogolo pa zonse ndi kufufuza. Pa famase zimachitika kawirikawiri kuti mayi amatulutsa foni n'kuloza dzina. "Achimwene, awa muli nawo? Mnzanga wa kumpingo anamwa, pano ali ndi pathupi." Ukafunsa kuti, "Mayi, magazi munayezetsa?" amati ayi. Zimandikhudza, chifukwa kumbuyo kwa funso lakelo kumakhala zaka za kunyozedwa, apongozi akulankhula, ndalama zitathera kwa asing'anga ndi m'zipatala zolipira. Munthu wotere sayenera kutayanso miyezi ina pa mankhwala osagwirizana ndi vuto lake.

Choyamba kuyeza ndi mkodzo, chifukwa mimba yeniyeniyo imaimitsa msambo ndi kukweza prolactin. Kenako tsegulani buku la kuchipatala muone zimene mwakhala mukulandira. Jakisoni wa Depo amaimitsa msambo kwa amayi ambiri, ndipo mukasiya, kubereka kumatha kutenga miyezi 10 kapena kuposa kuchokera pa jakisoni womaliza kuti kubwerere. Pamenepo prolactin ilibe mlandu. Amene amaikwezadi ndi haloperidol, chlorpromazine ndi risperidone a matenda a maganizo, metoclopramide woletsa kusanza, ndi methyldopa wa BP, amene amayi ena anayamba kumwa ali oyembekezera n'kungopitiriza. Apa ndichenjeze mwamphamvu. Amene akumwa mankhwala a maganizo asawasiye yekha, ndipo asaonjezere bromocriptine kapena cabergoline pamwamba pake popanda adokotala ake, chifukwa mitundu iwiriyi imakokana ndipo matenda aja amatha kuyambiranso. Nthawi zina adokotala amasintha n'kupereka ena osakweza prolactin, monga aripiprazole.

Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka, prolactin imakwera. Kuyeza magazi kuona homoni ya TSH kumaonetsa, ndipo levothyroxine amakonza zonse ziwiri. Impso zofooka nazo zimaikweza. Ngakhale mashingozi a pachifuwa amatha kutero, chifukwa mitsempha yake ndi yomwe ija imamva mwana akamayamwa.

Pepala la ku labu likabwera, yang'anani muyeso umene agwiritsa ntchito. Malabu ena amalemba ng/mL, ndipo kwa mayi amene si woyembekezera malire amakhala cha pa 25. Ena amalemba mIU/L, ndipo malire omwewo amakhala cha pa 500. Mayi amene pepala lake lalembedwa 430 mIU/L ali bwinobwino, koma akayerekeza ndi 25 amene anawerenga pa intaneti, tulo saliona. Ikakwera pang'ono chabe, bwerezani tsiku lina muli wodekha, chifukwa mantha a singano, kuthamanga ndi kufinyafinya mawere zimaikweza kwakanthawi. Ikapitirira 250 ng/mL, nthawi zambiri ndi chotupa cha pituitary chotchedwa prolactinoma. Pafupifupi zotupa zonsezi si khansa, ndipo mwa amayi zambiri zimakhala zosakwana mamilimita 10. Zimaoneka bwino pa makina ojambula mkati mwa thupi a MRI; a CT amatha kuphonya tating'ono. Ulendo wake m'zipatala za boma ndi uja timaudziwa: kuyambira pa chipatala chaching'ono monga cha ku Area 25, Area 18 kapena Kawale, n'kutumizidwa ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central.

Prolactin ikapezeka ili bwino, nkhani ya mankhwala a ergot yathera pomwepo. Kwa amayi ambiri kuno ku Africa chimene chimatseka njira ndi machubu owonongeka ndi matenda opatsirana pogonana, matenda olowa pambuyo pochira kapena popita padera, ngakhalenso likodzo. Bambo nawonso ayezetse umuna. N'kuyeza kosavuta poyerekeza ndi zonse zimene mayi amadutsamo, koma n'kumene kumazembedwa kwambiri.

Bromocriptine

Bromocriptine, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Parlodel, wakhala akumwedwa kuyambira m'ma 1970. Piritsi lake ndi la 2.5 mg. Sakhalitsa m'thupi, choncho amamwedwa kawiri kapena katatu patsiku, tsiku lililonse, ndipo amabwera ndi nseru, chizungulire munthu akadzuka mofulumira, mutu, mphuno kutsekeka, kudzimbidwa. Ambiri mwa amene amati mankhwalawa sanawayanje anayamba ndi piritsi lathunthu m'mamawa, m'mimba mulibe kanthu, n'kukaima pa siteji kudikira minibasi dzuwa likuomba. Kayambidwe koyenera ndi theka la piritsi, 1.25 mg, usiku, mutadya, mukukagona, n'kumaonjezera pang'onopang'ono monga adokotala alembera. Thupi limazolowera. Amene nseru yawakanika, madokotala ena amawauza kuika piritsilo kumaliseche m'malo momwa, ndipo limagwirabe ntchito.

Mphamvu yake yaikulu ndi mbiri. Mimba zoposa 6,000 zimene zinayamba mayi akumwa bromocriptine zinalondolozedwa, ndipo kupita padera ndi kulumala kwa ana sikunachuluke kuposa mwa amayi ena onse. N'chifukwa chake madokotala ena, akakhala ndi mayi wofuna mimba pompano, amayambabe ndi ameneyu. Mtengo wa piritsi limodzi umakhala wotsikirapo, koma werengerani mwezi wathunthu: mapiritsi 2 patsiku ndi 60 pamwezi.

M'zolemba za bromocriptine muli mawu oti mwa makoswe amene anapatsidwa mankhwalawa kwa masabata 100, ena anatuluka zotupa za khansa m'chiberekero. Wowerenga zimenezi ali ndi chifukwa chochitira mantha, koma yankho lake lili pa kathupi kachikasu kaja. Khoswe wokalamba amakhala ndi prolactin yambiri, imene imasunga progesterone wake. Ukaitsitsa kwa moyo wake wonse, progesterone amatsika, oestrogen, homoni ina ya chikazi, n'kutsala yekha akukulitsa mkati mwa chiberekero mosalekeza. Progesterone wa mayi sadalira prolactin, ndipo zotupa zoterezi sizinaoneke mwa anthu pa zaka zonse zimene mankhwalawa akhala akumwedwa.

Cabergoline

Cabergoline, wodziwika ndi dzina la Dostinex, anapangidwa ku Milan m'dziko la Italy ndipo anafika m'manja mwa odwala m'ma 1990. Nayenso ndi wa ergot, koma amakhalitsa: pamatenga maola pafupifupi 65 kuti theka lake lichoke m'thupi. Choncho amamwedwa kamodzi kapena kawiri pasabata. Piritsi lake ndi la 0.5 mg, laling'ono, lokhala ndi mzere pakati, ndipo ambiri amayamba ndi theka, mwachitsanzo Lolemba ndi Lachinayi. Mtengo wa piritsi limodzi umadzidzimutsa, koma womwa theka kawiri pasabata amafuna mapiritsi 4 kapena 5 okha pamwezi.

Awiriwa anayesedwa limodzi pa kafukufuku amene anatuluka mu 1994 mu New England Journal of Medicine, pa amayi 459 amene anasiya kusamba chifukwa cha prolactin. Prolactin inatsikira pa malire oyenera mwa amayi 83 pa 100 alionse a cabergoline, ndi 59 a bromocriptine. Amene anayambanso kutulutsa dzira kapena kutenga pathupi anali 72 ndi 52. Amene anasiya mankhwala chifukwa chosawayanja anali 3 ndi 12. Bungwe la madokotala a za mahomoni la Endocrine Society, m'malangizo ake a 2011, linaika cabergoline patsogolo, chifukwa amatsitsa prolactin ndi kufotetsa chotupa mwa anthu ambiri kuposa mnzakeyo.

Nkhawa yaikulu pa cabergoline ndi mtima. Mu 2007 akafukufuku awiri anaonetsa kuti odwala matenda onjenjemera a Parkinson amene ankamwa cabergoline kapena mnzake pergolide ankawonongeka mavavu a mtima, ndipo pergolide anachotsedwa pa msika wa ku America chaka chomwecho. Koma odwala amenewo ankamwa cha pa 3 mg tsiku lililonse. Wa prolactin nthawi zambiri sapitirira 2 mg pa sabata yonse, ndipo pa mlingo umenewu kafukufuku wambiri sanapeze kuwonongeka kodetsa nkhawa. Komabe kuno kwathu matenda a mavavu oyambira pa zilonda zapakhosi za paubwana ndi ambiri. Amene anauzidwapo kuti mtima wake uli ndi vuto anene zimenezo asanayambe, ndipo amene mlingo wake ukukwerakwera ajambulitse mtima.

Pali chinthu china chimene sichinenedwa mokwanira, ndipo chimakhudza mankhwala onse awiri. Dopamine ndi yomwe imayendetsanso chilakolako. Anthu ena akayamba mankhwalawa amasintha khalidwe: kubetcha kosalekeza, kugula zinthu mosaganiza, chilakolako chogonana chosaugwira mtima. Mumzinda umene kubetcha kuli pa foni iliyonse, a m'banja ayenera kuuzidwa zimenezi tsiku loyamba, kuti zikayamba asathamangire kunena kuti munthuyo walowerera kapena walodzedwa. Mlingo ukatsitsidwa kapena mankhwala akasinthidwa, nthawi zambiri zimatha.

Amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir, komanso amene walemberedwa erythromycin kapena clarithromycin, auze adokotala, chifukwa amenewa amachedwetsa chiwindi kuphwanya mankhwala a ergot, n'kuchuluka m'magazi. Choopsa kwambiri apa ndi ergotamine wa mutu waching'alang'ala, amene akakumana ndi ritonavir amatha kuumitsa miyendo.

Mankhwala omwewa amaumitsanso mkaka, monga kwa mayi amene mwana wake wabadwa atamwalira. Cabergoline amaperekedwa 1 mg kamodzi, tsiku loyamba atachira. Bromocriptine anasiyidwa pa ntchito imeneyi ku America mu 1994, ataona kuti amayi ena ongochira kumene ankakwera BP, kukomoka ndi kuchita sitiroko. Mayi amene BP inakwera ali ndi pakati asapatsidwe aliyense mwa awiriwa pofuna kuumitsa mkaka.

Njira zina

Quinagolide, kapena Norprolac, amatsitsa prolactin mofanana koma si wa ergot. Amamwedwa kamodzi patsiku ndipo amathandiza ena amene bromocriptine wawakanika. Mbiri yake pa mimba ndi yochepa, ndipo sapezeka m'mayiko ambiri; sindingalangize munthu kuika chiyembekezo pa mankhwala oti azichita kuitanitsa kunja mwezi ndi mwezi. Opaleshoni imadutsa m'mphuno kukafika pa pituitary. Ndi ya amene mankhwala alephera, amene sakuwayanja onse, kapena amene chotupa chikupanikiza mitsempha ya maso osafota. Imafuna dokotala amene amaichita kawirikawiri, ndipo chotupa chachikulu chimatha kutsalako kapena kubwerera. Prolactinoma ngakhale ikhale yaikulu, madokotala amayamba ndi mapiritsi.

Clomiphene, amene ambiri amamutcha Clomid, ndi letrozole amakankha thupi kuti litulutse FSH yambiri. Ndi abwino kwa mayi amene dzira silikutuluka pa zifukwa zina, makamaka PCOS, matenda amene m'mabasiketi a mazira mumadzaza timatumba ting'onoting'ono. Koma prolactin ikakhala pamwamba, kawirikawiri sagwira. Ndondomeko yake ndi kutsitsa prolactin kaye. Ikatsika, pakadutsa miyezi ingapo dzira osatulukabe, m'pamene adokotala amaonjezera clomiphene kapena letrozole. Pa za mankhwala azitsamba, pempho langa ndi limodzi: asalowe m'malo mwa kuyeza magazi, chifukwa chotupa chimene chikupanikiza maso sichidikira. Pempholi likupitanso kwa abambo. Prolactin yokwera imatsitsa homoni ya chimuna ya testosterone, chilakolako ndi umuna, ndipo bambo amatha zaka akutafuna gondolosi mpaka kudzafika kuchipatala mutu ukuwawa, maso atasiya kuona zam'mbali.

Kudikira nakonso ndi njira, koma osati kwa aliyense. Mayi amene prolactin yakwera pang'ono, kapena ali ndi kachotupa kosakwana mamilimita 10, koma akusamba bwino ndipo palibe chikumuvuta, akhoza kukhala osamwa kanthu. Mwa totupa tating'ono totere, toposa 90 pa 100 sitikula. Amangoyezetsa nthawi ndi nthawi. Amene wasiya kusamba koma sakufuna mwana pakadali pano asangokhala n'kumati zandipepukira, chifukwa oestrogen akakhala wotsika kwa zaka, mafupa amafooka. Ameneyu akhoza kusankha pakati pa cabergoline ndi mapiritsi olera okhala ndi oestrogen, amene amateteza mafupa ngakhale satsitsa prolactin. Ndipo amene wayamba bromocriptine kapena cabergoline koma sakufuna mimba alere, chifukwa dzira limatha kutuluka msambo woyamba usanaoneke.

Mchemwali wanga atandifunsa kuti asankhe uti, prolactin yake itatsimikizika kawiri ndipo zifukwa zina zija zitachotsedwa, ndingamuuze cabergoline, ngati thumba lingakwanitse miyezi ingapo yosadukiza ndipo famase yake imakhala naye. Ngati ndalama zake n'zoti mwezi uno zilipo, mwezi wamawa palibe, bola bromocriptine woyambidwa pang'onopang'ono, womwedwa tsiku lililonse. Choipa kuposa onse awiri ndi kumwa n'kusiya, kumwa n'kusiya, chifukwa ukasiya msanga prolactin imakweranso ndipo umayambiranso pachiyambi. Madokotala amayamba kuganiza zochepetsa pakatha zaka 2 prolactin ili bwino ndipo chotupa sichikuonekanso pa MRI. Ndingamuuzenso kuti agule ndi pepala la adokotala, ku famase yovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, osati kwa wogulitsa wa pa Facebook.

Msambo ukabwerera, lembani masiku ake. Ukachedwa, yezani mkodzo msanga, ndipo mimba ikatsimikizika nthawi zambiri adokotala amaimitsa mankhwala. Pa cabergoline mimba zolondolozedwa zili cha pa 1,000, ndipo nazonso sizinaonetse vuto. Kuyeza prolactin muli ndi pakati kulibe phindu, chifukwa imakwera kwambiri mwa mayi aliyense woyembekezera. Chimene mumayang'anira ndi zizindikiro: mutu wopweteka mosalekeza, kapena kusiya kuona zam'mbali, kumagunda mphuthu za zitseko, kusaona kabaza amene akubwera chakumbali. Kwa wa kachotupa kakang'ono, chiopsezo choti kakule mpaka kuvuta n'chosakwana 3 pa 100. Kwa wa chotupa chachikulu chimene sichinachitidwe opaleshoni ndi 1 mwa 5 kapena kuposa, choncho ameneyu akambirane ndi adokotala mimba isanabwere, ndipo ena amapitiriza mankhwala mpaka kuchira. Mwana akabadwa, wa kachotupa kakang'ono ayamwitse monga mayi wina aliyense. Mapiritsi amadikira mpaka mwana ataletsedwa kuyamwa. Pakatha miyezi ingapo kuchokera pamenepo, prolactin iyezedwenso musanayambirenso kumwa, chifukwa mwa amayi ena imakhala itatsika yokha pambuyo pa mimba, ndipo safunanso mankhwala.